Kanyama Chiume, mphunzitsi amene adatula choko

Mwana akakhoza bwino mayeso a Folomu 4 kuno kwathu, kaya ndi ku Chitedze konkuno, ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru kapena ku Kabudula, makolo amayamba kulota za udokotala, uloya ndi ntchito za m'mabanki. Za uphunzitsi sizimveka pakamwa pawo. Zimadzatchulidwa kumapeto, makomo ena onse atatsekeka, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene waitanidwa ku Domasi kapena ku Nalikule kuti akaphunzire ntchito yophunzitsa ku sekondale, anthu amamuyamikira ndi nkhope yomwe ija timavala popepesa maliro. Mwini wakenso akafika m'kalasi amakhala ngati munthu wousa mvula pakhonde la eni, maso ali kumsewu, kudikira kuti ikangokata azipita.

Khalidwe limeneli silidayambe lero, ndipo sikuti lidayamba ndi anthu aulesi ayi. Lidayamba ndi anthu omwe aja adatimenyera ufulu. Lero ndati ndikambeko za mmodzi mwa iwo, malemu Murray William Kanyama Chiume, poti moyo wawo ukuonetsa bwino zimene uphunzitsi wa ku sekondale umampatsa munthu, zimene dziko limataya mphunzitsi akachoka m'kalasi, komanso m'mene ndale zidaichepetsera ntchito imeneyi m'dziko muno.

Ife amene tidakula nthawi ya chipani chimodzi, dzina la Chiume tidalimva koyamba m'nyimbo za pamisonkhano, ndipotu sizidali nyimbo zotamanda. Tinkangodziwa kuti ndi chigawenga china chokhala kunja, choti usanatchule dzina lake uyambe wacheuka. Palibe adatiuza kuti munthuyo adali mphunzitsi wa dipuloma yake ya ku Makerere, kapena kuti adakhalapo nduna ya zamaphunziro dziko lino lisadalandire n'komwe ufulu.

A Chiume adabadwa pa 22 Novembala 1929 ku Usisya, m'boma la Nkhata Bay. Amene mudafikako mukudziwa kuti ndi malo opanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, koti kufikako kwapafupi n'kwapamadzi. Chaka chimene adabadwacho, m'dziko lonse la Nyasaland mudalibe sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. Amishoni adali ataphunzitsa anthu kuwerenga kwa zaka zoposa 50, ku Livingstonia ndi ku Blantyre kudali maphunziro apamwamba ndithu a ubusa, uphunzitsi ndi ntchito zamanja, koma boma la atsamunda silidaone chifukwa choti munthu wakuda apitirire pamenepo. Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, idatsekulidwa mu 1940. Ya Akatolika ku Zomba idatsatira mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951, ya ku Mzuzu mu 1959. Ndiye kuti m'zaka za m'ma 1940, mwana wanzeru wa ku Nambuma kapena ku Malingunde, boma lonse la Lilongwe ndi fodya wake yense uja, ankayenera kusenza sutikesi mpaka ku Zomba kapena ku Blantyre, kukalimbirana malo ochepetsetsa ndi ana a dziko lonse.

Mwayi wa a Chiume udali woti adachoka. Asadakwanitse zaka 10 wachibale wawo adawatengera ku Tanganyika, monga ankachitira anthu ambiri a kunyanja masiku amenewo. Kumeneko ndi kumene adakulira, Chiswahili n'kusanduka chiyankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku. Adaphunzira ku Dar es Salaam, kenako adasankhidwa kupita ku sukulu ya boma ya ku Tabora, sukulu yomwe idayamba ngati ya ana a mafumu ndipo idadzakhala yotchuka kwambiri m'dzikolo. Julius Nyerere adali ataphunzirapo pomwepo zaka zingapo m'mbuyomo. Mu 1949 a Chiume adalowa koleji ya Makerere ku Kampala, chaka chomwe kolejiyo idalumikizidwa ndi yunivesite ya London.

Ku Makerere adayamba ndi maphunziro a sayansi, kenako adasankha uphunzitsi, ndipo adamaliza mu 1953. Apa ndipomwe ndikufuna achinyamata athu amvetse. Munthu amene wafika ku Makerere m'zaka zimenezo sadali wotsalira. Adali atapambana mayeso amene ana masauzande a maiko anayi kapena asanu adalephera, ndipo akasankha choko sikudali kusowa kolowera. Uphunzitsi wa ku sekondale udali pamzere umodzi ndi udokotala. Koma kolejiyo inkaphunzitsanso zina zosalembedwa pa ndandanda wa maphunziro. Anyamata a ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Zanzibar ndi ochepa a ku Nyasaland ankakumana m'bungwe la ophunzira lokambirana zandale, momwe a Chiume adali mmodzi mwa atsogoleri. Nthawi imeneyo n'kuti ku Kenya nkhondo ya Mau Mau itabuka, ndipo kuno kwathu azungu akukakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidakhazikitsidwadi mu 1953, chaka chomwecho a Chiume adalandira dipuloma.

Ntchito adakayambira pa Alliance Secondary School ku Dodoma, sukulu ya amishoni. Dodoma wa nthawiyo sadali likulu ngati lero, kadali katauni kafumbi ka m'mbali mwa njanji. Mphunzitsi wakuda wa ku sekondale adali munthu wosowa. Ankalowa m'chipinda chimodzi cha aphunzitsi ndi azungu, kuphunzitsa silabasi yomweyo, kukonzekeretsa ana mayeso omwewo ochokera ku Cambridge, koma pakutha pa mwezi malipiro ankatsata khungu, osati pepala. Kunja kwa mpanda wa sukulu, yemweyo ndiye adali munthu wodziwa Chingerezi kuposa onse, wowerenga nyuzipepala, amene anthu ankabwera kudzamufunsa tanthauzo la lamulo latsopano. Munthu wotere, wolemekezeka kunja koma wochepetsedwa mkati, sachedwa kulowa ndale. N'chifukwa chake mu Africa monse atsogoleri ambiri a ufulu adachokera pabolodi.

Taonani za Nyerere. Chipani cha TANU chidabadwa pa 7 Julaye 1954, iye ali mphunzitsi pa St Francis College ku Pugu. Mu 1955 adayenera kusankha chimodzi, kalasi kapena chipani, ndipo adasankha chipani. A Chiume nawo sadakhalitse ku Dodoma. Pofika 1955 adali atabwerera kwawo ku Nkhata Bay. Zaka zonse zimene adaphunzitsa ku sekondale n'zoti mungaziwerenge ndi zala za dzanja limodzi, zina n'kutsalako. Kusiyana kwake n'koti Nyerere dzina la Mwalimu adapita nalo kumanda, pomwe a Chiume uphunzitsi wawo udaiwalika ngati kuti sudachitike.

Inetu sindiwadzudzula posiya kalasi. Nyumba ikamapsa sufunsa ngati wotunga madziyo ndi mphunzitsi kapena mlimi. Komabe tiyenera kunena poyera kuti ana a ku Dodoma aja adataya mphunzitsi, ndipo ana a ku Nyasaland, amene ankasowa aphunzitsi kuposa a ku Tanganyika, sadamupeze. Adamupeza ndi a Nyasaland African Congress.

Mu 1956 boma la atsamunda lidalola mipando isanu ya anthu akuda m'nyumba ya malamulo ku Zomba. A Chiume adapita kukaimira chigawo cha kumpoto ali ndi zaka 26, limodzi ndi Henry Masauko Chipembere, yemwe adali wocheperapo. M'nyumba imeneyo anthu akuda adazolowereka kukhala chete, kuthokoza bwanamkubwa n'kubwerera kwawo. Anyamata awiriwa adaisandutsa bwalo la milandu, mpaka buku losindikizamo zokambirana za m'nyumbayo lidayamba kugulidwa ndi kuwerengedwa ndi makalaliki ndi aphunzitsi ngati nyuzipepala. Ine ndikaganiza za a Chiume m'nyumba imeneyo ndimaona mphunzitsi amene wangosintha kalasi. Luso lake ndi lomwe lija: kukonzekera usiku, kufunsa funso lomwe yankho lake ukulidziwa kale, kumusiya woyankhayo adzikole yekha, kenako kubwereza mfundo imodzi mpaka wa kumbuyo kwenikweni ayimve. Zimenezi sadaziphunzire ku Congress. Adaziphunzira poima pamaso pa ana 30 amene akudikira kuti uphonye.

Phunziro lawo lalikulu, lomwenso lidadzawapweteka, lidali la Dr Hastings Kamuzu Banda. A Chiume ndi a Chipembere adaona kuti anthu akumudzi ndi mafumu sangatsate anyamata a zaka za m'ma 20, choncho adali m'gulu la amene adaumirira kuti dokotala wachikulire uja abwere kudzatsogolera. Dr Banda adatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, Chichewa chitawathawa pakamwa. Pamsonkhano wa Congress ku Nkhata Bay mwezi wotsatirawo adapatsidwa utsogoleri ndi mphamvu zosankha okha komiti yawo, ndipo a Chiume adakhala mlembi wofalitsa nkhani. Ntchito yawo idali yophunzitsa mtundu wonse kuti mpulumutsi wafika, ndipo adaigwira bwino zedi. Apa ndiye pamene ndimati mphunzitsi adaphonya. Mphunzitsi wa sayansi amayenera kuphunzitsa mwana kufunsa, kuyesa ndi kukayika. Iwowa adaphunzitsa dziko kuti pali munthu mmodzi wosafunsidwa, ndipo dziko lidakhoza phunzirolo kuposa m'mene aphunzitsi ake ankafunira.

Pa 3 Malichi 1959, pomwe boma lidamanga atsogoleri a Congress ndipo asilikali adaombera anthu padoko la Nkhata Bay, a Chiume adali kunja kwa dziko. Anzawo ali m'ndende ku Gwelo, ku Khami ndi ku Kanjedza, iwo adali ku London ndi m'maiko ena a mu Africa, kulemba timabuku, kuyankhula m'misonkhano ndi kukopa aphungu a ku Britain kuti amve mbali ya anthu a ku Nyasaland. Dr Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, chisankho chidachitika mu Ogasiti 1961, Malawi Congress Party idapambana, ndipo a Chiume adapatsidwa unduna wa zamaphunziro ali ndi zaka 31.

Pano ndiye pali mnofu wa nkhaniyi. Munthu amene adasiya kalasi adapezeka kuti ndiye mwini makalasi onse a m'dziko, ndipo vuto loyamba limene adakumana nalo lidali kusowa kwa anthu onga iye mwini. Dziko linkayembekezera kudzilamulira pasadathe zaka zitatu. Linkafuna ma DC, mainjiniya, madokotala, alangizi a zaulimi, onse akuda, koma anthu oterewa amachokera ku sekondale, ndipo masekondale adali oti n'kuwatchula onse osapumira. Boma latsopanoli lidatsimikiza zoti boma lililonse likhale ndi sekondale yake, makamaka zoyendera, poti zogonera komweko n'zodula. Kumanga makoma sikudali kovuta kwenikweni. Njerwa anthu amaumba chilimwe chimodzi. Mphunzitsi wa masamu saumbidwa chilimwe chimodzi: amafuna zaka zinayi za sekondale, kenako zitatu kapena zinayi za koleji, ndipo kuti aphunzire pafunika mphunzitsi wina woyamba.

Njira zimene zidapezeka zidali zitatu. Ophunzira adatumizidwa kunja, kulikonse kumene kudapezeka malo. Koleji ya Soche Hill ku Limbe idayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ku sekondale, ndipo David Rubadiri, mnzawo wa ku Makerere amene adaphunzitsapo ku Dedza, adakhalapo mkulu wake. Yachitatu idali yobwereka: mu 1963 kudafika gulu loyamba la achinyamata a Peace Corps ochokera ku America, ndipo kwa zaka zingapo masekondale ambiri ankadalira iwowa. Mmodzi mwa iwo adali Paul Theroux, amene pambuyo pake adatchuka ndi kulemba mabuku. Ena adali aphunzitsi abwino, ena adali ana ongotuluka kumene m'koleji, koma popanda iwo zitseko zina sizikadatsekulidwa.

Nthawi yomweyo, mu 1962, kudakhazikitsidwa lamulo latsopano la zamaphunziro. Kufikira apo sukulu zambiri zidali za mipingo. Kuno kwathu mphunzitsi adali munthu wa bambo mfumu wa ku Likuni kapena ku Nambuma, kapena wa abusa a ku Nkhoma, ndipo ntchito yake inkatha tsiku lomwe wasemphana ndi mpingo. Lamulo lija lidaika mphamvu zoyang'anira maphunziro m'manja mwa nduna ndi makomiti a m'maboma, n'kukonza zolembetsa sukulu ndi aphunzitsi. Mipingo idapitiriza kukhala ndi sukulu zake, koma uphunzitsi udayamba kuoneka ngati ntchito ya dziko. Pa zonse zimene a Chiume adasiya m'dziko muno, chimenechi ndicho chidakhalitsa.

Koma tayang'anani amene adakhala nawo patebulo la nduna. Orton Chirwa adaphunzitsapo aphunzitsi ku Domasi asadakaphunzire zamalamulo. Augustine Bwanausi adali mphunzitsi wa sayansi ku Blantyre Secondary School. Willie Chokani adali mphunzitsi wamkulu ku HHI. John Tembo adachokera m'kalasi. A Rubadiri nawo sadakhalitse ku Soche Hill, poti mu 1964 adatumizidwa kukakhala kazembe ku America ndi ku United Nations. Ndiye kuti dzanja lamanja la boma linkafunafuna aphunzitsi ku America, lamanzere likuzula omwe adalipo kale. Aliyense amene adakwera galimoto ya mbendera adasiya kalasi yopanda munthu. Ana a sukulu adaona zimenezi ndipo adaphunzirapo kanthu: mphunzitsi wochenjera ndi amene wachoka. Maganizo amene tikulimbana nawo lero ku Nsaru ndi ku Kabudula adafesedwa nthawi imeneyo, ndipo adafesedwa ndi anthu abwino, pa zifukwa zomveka.

Pomwe dziko linkalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, a Chiume adali nduna yoona zakunja. Ufuluwo sudathe miyezi iwiri mtendere usadasokonekere. Nduna zidadandaula za tiki imene odwala adayamba kulipira m'zipatala, za lipoti la Skinner lomwe lidakhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, za kuchedwa kopereka maudindo kwa anthu akuda, za ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, za thandizo limene dziko la China lidalonjeza kudzera ku Dar es Salaam, komanso za chizolowezi cha Dr Banda chowatcha anyamata ake pagulu. Pa 7 Sepitembala 1964 a Chiume, a Chirwa, a Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo adachotsedwa. Yatuta Chisiza, a Chokani ndi a Chipembere adatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo. Mlandu waukulu Dr Banda adauika pa a Chiume. Tinene zoona, a Chiume adali munthu wa lilime lakuthwa, ndipo pomwe adali ndi mphamvu sadawachitire chifundo amene ankatsutsana ndi chipani. Choncho tsiku lawo litafika, owalira adalipo koma osangalala nawonso sadasowe. Chaka chisadathe adali atabwerera ku Tanzania, dziko lomwe lidawalera. Yunivesite ya Malawi, imene kukonzekera kwake kudayamba iwo ali ku unduna wa zamaphunziro, idalandira ophunzira ake oyamba ku Chichiri mu 1965 iwo kulibe. Chaka chomwecho a Rubadiri adasiya ukazembe, ndipo Theroux uja adathamangitsidwa m'dziko muno kaamba kowathandiza.

Zimene zidatsatira zidapweteka uphunzitsi kuposa m'mene ambiri timaganizira. Poti anthu ophunzira, makamaka ogwira ntchito m'boma ku Zomba, ndiwo adaoneka kuti ali kumbali ya nduna zija, munthu wa sitifiketi adayamba kuonedwa ngati wokayikitsa. Mphunzitsi uja amene kale ankamasulira nyuzipepala kwa anthu adaphunzira kutseka pakamwa. Wapampando wa chipani wa panthambi, ngakhale wosatha kulemba dzina lake, adali ndi mphamvu yomugwetsa m'mavuto. Mphunzitsi wa mbiri yakale ankaphunzitsa za 1959 modumphadumpha ngati woyenda paminga, poti maina a theka la anthu amene adachita zinthuzo adali osatchulika. Kuyambira 1968 bungwe loona za mabuku oletsedwa lidayamba kusankhira anthu zowerenga.

Mbama ziwiri zikuluzikulu zidabwera pambuyo. Mu 1981 Dr Banda adatsekula Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu yokongola kuposa zonse, ndipo adanena poyera kuti aphunzitsi ake akhala azungu, Mmalawi sangaphunzitsepo. Tangoganizani, abale, kukhala mphunzitsi wa digiri yako ku Dedza kapena ku Likuni, n'kumva mtsogoleri wa dziko lako akunena kuti ana anzeru kwambiri a m'dziko sukuyenera kuwayandikira. Yachiwiri idagwa mu 1989, pomwe aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kuchigawo chawo, ati poti ankaphunzitsa mwadala mosalongosoka ana a pakati ndi kummwera. Amene adalangidwa kwenikweni ndi ana athu omwe a chigawo chino, chifukwa masukulu ambiri adatsala opanda aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Mwana wa ku Usisya uja adaphunzitsa ana a ku Dodoma popanda womufunsa kwawo. Patapita zaka 35, m'dziko lake lomwe, mphunzitsi wa ku Rumphi sakadaloledwa kuphunzitsa ku Namitete.

Ku Tanzania a Chiume adakhalako zaka 30. Sadabwerere pabolodi ngati ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, adatenga cholembera. Adagwira ntchito m'nyuzipepala za chipani cha TANU, The Nationalist ndi Uhuru, adalemba mabuku m'Chingerezi ndi m'Chiswahili, ndipo mu 1975 adatulutsa buku la mbiri ya moyo wawo lotchedwa Kwacha, lomwe kuno kupezeka nalo kudali kudziputira ndende. Adayambitsanso chipani chawo, Congress for the Second Republic. Othawa kwawo aja sadagwirizane, aliyense adali ndi kagulu kake, ndipo adatha mmodzimmodzi. Yatuta Chisiza adaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti. A Chipembere adamwalira ku America mu 1975, komwe ankaphunzitsa pa yunivesite. Attati Mpakati adaphedwa ku Harare mu 1983. Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. A Chiume adatsala.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itatsekula zitseko, adabwera kwawo ali nkhalamba. Adapeza dziko la achinyamata amene sankawadziwa, kapena ankawadziwa m'nyimbo zija basi. Pachisankho cha 1994 mipando yonse ya m'nyumba ya malamulo idagawidwa pakati pa UDF, MCP ndi Aford, chipani chawo osapeza kanthu. Adapatsidwa udindo wa wapampando wa bungwe loyang'anira malaibulale a dziko lino. Ena adati ndi udindo wongowapukutira misozi, koma kwa ine, pa maudindo onse amene adakhalapo chichokereni ku Dodoma, umenewu ndiwo udali pafupi kwambiri ndi ntchito imene adaphunzira.

Chomvetsa chisoni n'choti adapeza vuto lomwe lija adalisiya mu 1964, litangokula. Mu 1994 sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana amenewo adayenera kudzafika ku sekondale. Mu 1998 malo ophunzirirapo a MCDE aja adasandutsidwa ma CDSS, ndipo ambiri mwa ophunzitsamo adali aphunzitsi a ku pulayimale amene adangouzidwa kuti kuyambira Lolemba muphunzitsa Folomu 3. Makoma adatsogolanso, aphunzitsi n'kutsalira. Koleji ya Domasi idali itangoyamba kumene mu 1993 kusula aphunzitsi a ku sekondale, yunivesite ya Mzuzu idayamba ndi maphunziro a uphunzitsi mu 1999, ndipo Nalikule idadzatsekulidwa mu 2017. Zonsezi n'zabwino, koma kudzaza mtsuko woboola pansi n'kovuta. Wophunzitsidwa bwino uja akagwira zaka ziwiri m'nyumba yodontha, kulibe magetsi, kalasi ya ana osawerengeka, mabungwe akangomukodola amapita.

Ife a kuno sitiyenera kufunsa kuti mphunzitsi wa sayansi ali ndi ntchito yanji, poti yankho tili nalo pakhomo. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze akhalapo kuyambira 1948. Mbewu ya chimanga ya MH18, imene idatuluka mu 1990 ndipo amayi adaikonda chifukwa imakonoleka bwino mumtondo, idachokera pomwepa, m'manja mwa akatswiri a Chimalawi. Aliyense wa iwo adayamba wakhala pabenchi, wina wake n'kumuonetsa koyamba m'mene duwa limaberekera njere. Lero mwana wa pa CDSS ya kumudzi, amene makolo ake amalima mbewu zomwezo, akhoza kumaliza Folomu 4 asadagwirepo chida chilichonse cha mu labotale. Ndiye mawa ofufuza a pa Chitedze adzachokera kuti? Adzachokera m'masukulu olipira a m'tauni, ndipo ana athu adzakhala ogwira maganyu opalira m'minda ya kafukufukuyo.

Kwa wachinyamata amene akulingalira za ntchitoyi, sindingamunamize kuti alemera nayo. Koma ndikayang'ana moyo wa a Chiume ndimaona kuti zida zonse zimene adadyera moyo wawo wonse, kuyankhula pagulu, kulemba momveka, kufotokoza chinthu chovuta kwa munthu wamba, adazitenga ku uphunzitsi. Unduna udatha patangopita zaka zitatu. Chipani chidawakana. Dziko lidawatsekera kunja. Chimene palibe adatha kuwalanda ndi chomwe adatuluka nacho ku Makerere. Ndipo kwa aboma, amene chaka ndi chaka amati aphunzitsi apirire, ndingokumbutsa kuti m'badwo wa a Chiume udachoka m'kalasi chifukwa kunja kudali dziko loti limasulidwe. A lerowa akuchoka chifukwa cha lendi ndi mtengo wa thumba la fetereza, zinthu zomwe boma lingathe kuchitapo kanthu litafuna.

Zaka zawo zomaliza a Chiume adakhala ku America, thanzi litayamba kuvuta. Adamwalira ku New York pa 21 Novembala 2007, kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 78. Lamulo la zamaphunziro la 1962 lija lidapitirira kugwira ntchito kwa zaka zina zisanu ndi chimodzi iwo atapita, mpaka lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2013.